Msuzi wa Lachiwiri ndi Lachisanu

Tsiku limene ndinapita kuchipatala cha pa boma la Mzimba nditalemba kale matenda anga papepala, ndinavala yunifolomu yositidwa bwino. Ndinali mesenjala mu ofesi ina ya boma, munthu wolekeza sukulu Sitandade 3 koma wowerenga chilichonse chokhala ndi zilembo: maenvulopu, zitini za mafuta, nyuzipepala zokutira sopo. Ndinalinso ndi buku lachingerezi la zamatenda limene ndinalipulumutsa kumsika kwa mkulu wina amene ankathothola masamba ake n'kumapichirira fodya. Chikuto linalibe, ndipo masamba ambiri anali atapita kale ndi utsi. M'buku limeneli ndinapeza tsamba lonena za kutupa nkhope, manja ndi mapazi. Pamwamba pa tsambalo panali pong'ambika, koma dzina la matenda linalipo pakati, lalitali, lopatsa ulemu. Ndinalikopera chilembo ndi chilembo.

Adokotala amene ndinawapeza anali ochokera ku Mulanje, aafupi, a magalasi omanga ndi ulusi mbali imodzi. Ndinawapatsa pepala lija ndi manja awiri kuti asavutike n'kufufuza.

Anawerenga. Anandiyang'ana kumaso, kenako anatsitsira maso pamimba panga.

"Ndi ya miyezi ingati, bambo?"

"Chiyani, adokotala?"

"Mimbayi. Matenda mwalembawa amagwira amayi oyembekezera. Ndiye tiuzeni, sikelo munayamba kale?"

Nesi amene ankapukuta tebulo anatuluka msanga, ndipo ndinamumva akuseka pakhonde mpaka kutsokomola. Ine nkhope yanga, imene inali yotupa kale, inawonjezera kutentha.

Kutupako kunayamba motere. Inali nthawi imene ndalama ya kwacha inali itangobwera kumene, tikuwerengerabe mitengo ya zinthu m'mashereni chamumtima. Ananditumiza ku Mzimba kuchokera kwathu ku Dedza, ndipo mkazi wanga anatsala kumudzi ndi khanda, kudikira kuti akolole kaye. Ndinkakhala kuseri kwa msika, m'mdadada wa timanyumba togwirizana makoma, tonse tikutunga pa mpopi umodzi. Chipinda choyandikana ndi changa munkakhala mayi wamasiye wa ku Manyamula, amene ankagulitsa tomato ndi masamba pamsika. Amuna awo anabwerako ku Joni ndi chifuwa cha kumigodi, n'kumwalira. Ine ndinkawatcha amama. Iwo ankanditcha adada zinthu zikakhala bwino, ndipo akafuna kundikalipira ankati mwana wane.

Chakumapeto kwa dzinja mvula inandipeza panjinga ndikuchokera kokasiya makalata ku Manyamula. Inandimenya mtunda wonse, ndipo ndinadwala chifuwa. Khoma lathu linali lopyapyala, moti amama anamva kutsokomola kwanga konse. Lachiwiri masana anafika ndi mbale ya nkhwani wosambira mu msuzi wofiirira, ndi kapu yodzaza msuzi womwewo.

"Imwani wonse, adada, ndapota. Chifuwa icho chikundisowetsa mtendere ine."

"Muli chiyani umu, amama?"

"Mankhwala ofunsidwa dzina sagwira ntchito. Imwani mbwenu."

Ndinamwa. Ndinene zoona, msuzi wokoma chotero ndinali ndisanaulawepo. Koma ndisanamalize n'kutsuka mbale komwe, milomo inayamba kunyerenyetsa, kenako khosi, kenako thupi lonse linachita zidzolo ngati ndagubuduka pa chitedze. Kutacha zinali zitaphwa. Ndinaweruza mlandu ndekha kuti ndi nsikidzi. Ndinawiritsa bulangete langa lokhalo m'ndowa, ndipo linatuluka litafupika moti mapazi anga anayamba kugona panja.

Lachisanu mbale inabweranso. Ulendo uno maso anatsala timing'alu, ndipo m'chifuwa munkalira ngati wezulo. Amama atamva kulirako anapukusa mutu.

"Chifuwa chakanika chomene ichi. Chikufuna msuzi wambiri."

Apa ndi pamene ndinatsegula buku lija, n'kukadzipezera mimba.

Adokotala atatha kupukuta misozi kuseri kwa magalasi, anandivula malaya, kuyang'ana zidzolo, kumvetsera m'chifuwa.

"Izi ndi ziwengo, bambo. Pali chinthu chikukuwengani."

Ndinakhumudwa. Ziwengo! Mawu amene mayi anga osadziwa ngakhale A ankanena tsiku ndi tsiku, akuti uje nyama ya nkhumba imamuwenga. Ine ndinkayembekeza matenda oti munthu powatchula apume kaye pakati.

Anandifunsa ngati ndasintha sopo, ngati ndalumidwa ndi njuchi, ngati ndamwa mankhwala ena alionse. Pa funso lomalizali ndinakana. Munthu wokhala ndi buku la zamatenda m'nyumba angavomere bwanji kuti akumwa mankhwala osadziwa dzina ochokera kwa neba? Za chakudya ndinatchula nyemba, usipa, masamba, tiyi. Sindinaname, nkhwani ndi masamba ndithu.

"Chabwino," anatero. "Kuno tilibe makina okuuzani chimene chikukuwengani. Koma popeza inu mumakonda kulemba, kaguleni kope. Chilichonse cholowa m'kamwa mwanu mulembe, ndi nthawi yake. Kuyabwa kukayamba, mulembenso nthawi. Pakatha milungu iwiri mubwere nalo kuno. Kwa ine, osati kwa buku lanu lija."

Anandipatsa timapiritsi ting'onoting'ono toletsa kuyabwa, timene tinkandigonetsa tulo pa benchi ya ku ofesi.

Ntchito ya kope ndinaigwira ngati ndakwezedwa paudindo. Ndinabwereka rula, n'kujambula mizere: tsiku, nthawi, chakudya, kumene chachokera, zotsatira. Ndinkalemba ngakhale mtedza utatu umene wina wandigawira panjira. Mlungu umodzi wokha unakwana kuonetsa zinthu poyera. Masiku ena onse mzere wa zotsatira unali mbee. Lachiwiri, kutupa. Lachisanu, kutupa. Ndipo pambali pake, m'zilembo zanga zokongola, panali mawu akuti mbale ya amama. Masiku amenewa ndi amene mlamu wawo ankabwera panjinga kuchokera ku Manyamula ndi dengu la masamba ogulitsa.

Munthu wanzeru akanathamangira nalo kuchipatala tsiku lomwelo. Ine ndinaona kuti milungu iwiri sinakwane, komanso mizere yowongoka chotero inali yosayenera kuonedwa ndi munthu mmodzi yekha. Ndinakaonetsa kalaliki wa mafayilo mu ofesi mwathu, mnzanga wochokera ku Kasungu. Za rula sananene kanthu. Anatsetsereka ndi chala mpaka pa Lachisanu, n'kuimba mluzu.

"Aaa, achimwene. Akukudyetsanitu apa."

"Kundidyetsa chiyani?"

"Inu mkazi ali kutali, iwo mwamuna alibe. Muwerenge nokha, si inu owerenga?"

Ndinaseka n'kumuuza kuti asiye zopusa. Koma mkazi wake ankatunga pa mpopi wathu womwe uja. Pasanathe masiku awiri nkhani inali itabala ana. Ena ankati ndi kondaine amene wapitirira muyeso. Ena ankati ayi, mayiyo akufuna chipinda changa kuti alowemo mlamu wawo. Wina anakumbukira mwadzidzidzi kuti amuna awo aja nawonso anafa ndi chifuwa. Amama akafika pampopi, azimayi ankasuntha ndowa zawo mwaulemu woopsa, n'kuwasiyira malo aakulu kuposa amene munthu mmodzi amafuna. Kumsika anthu ankadutsa pa benchi lawo maso ali kwina, tomato n'kumafewa padzuwa. Kenako ndinamva kuti ena akuti nkhaniyi ikatulidwe kwa atcheya a chipani a dera lathu. Masiku amenewo nkhani ikafika kumeneko sinkabwerako mmene inapitira, ndipo mayi wamasiye wopanda womulankhulira akanatha kuuzidwa kuti alongedze abwerere kwawo, malo a pamsika n'kupatsidwa wina.

Amama sanandifunse kanthu. Moni ankandipatsa, koma wouma, wopanda zoseka zawo zija. Lachiwiri lotsatira mbale sinabwere. Ndinadya nyemba zanga osatupa, ndipo sizinandikomere.

Ndinaganiza mpaka ndinapeza nzeru, ndipo inali nzeru ya mtundu wanga. Ndinati anthu awa akufunika kuona ndi maso kuti ine chakudya cha mayiyu sindichiopa. Kuyabwa ndi chiyani? Ndikanda, ndimwa kapiritsi, kutacha zatha. Lachisanu masana, nthawi imene pampopi pamadzaza, ndinachoka ku ofesi n'kukaima pakhonde pa amama, ndi kulankhula mokweza ngati ndikuwerenga chidziwitso cha boma.

"Amama, msuzi wanga uja uli kuti? Ndaufuna."

Anatuluka akupukuta manja pachitenje. Anayang'ana ine, anayang'ana gulu la pampopi.

"Yayi, adada. Lekani. Pitani kwanu."

"Mwaphika kapena simunaphike?"

"Ndaphikira ndekha. Nanenso ndili ndi chifuwa."

"Ndigawireni."

Tinakanganapo pang'ono, koma munthu wopempha chakudya pakhomo sabwezedwa kawiri anthu akuona. Anandipatsa kapu. Ndinamwa choimirira, dzanja lina lili m'chiuno, n'kupempha ina. Yachiwiri ndinaimaliza theka.

Ulendo uno sizinayambire pakhungu. Lilime linakula m'kamwa. Ndinafuna kunena kuti mwaona, palibe chachitika, koma mawu anatuluka ngati a tambala wachimfine. Pakhosi panayamba kuthina, mpweya ukulowa movutikira ngati ukudutsa mu udzu. Ndinakhala pansi pakhonde pomwepo, ndipo ndikukumbuka ndowa ikugwa pampopi, wina akukuwa kuti wamupha, wamupha.

Amene ananditengera kuchipatala ndi kalaliki yemwe uja, amene anabwera kudzadya kunyumba kwake. Anandikweza pa kaliyala ya njinga n'kumakankha chothamanga, azimayi awiri atandigwira uku ndi uku kuti ndisagwe. Mwayi wanga unali woti chipatala sichinali patali. Adokotala aja atangondiona sanafunse za miyezi. Anakuwira nesi, ndipo jakisoni analowa pantchafu yunifolomu ndisanaivule n'komwe. Mtima unathamanga, ndipo patapita kanthawi mpweya unayamba kupeza njira. Mpweya ndi wokoma, abale. Ndinali ndisanaulabadirepo chibadwire.

Ndili chigonere, ndinamva phokoso pakhomo la chipindacho. Anali amama, atasenza mphika wonse pamutu, ndipo kumbuyo kwawo kunali azimayi a pampopi amene anabwera kudzaona mmene munthu amamangidwira. Nesi anayesa kuwaletsa koma anamudutsa. Anatula mphikawo patebulo la adokotala, pambali pa mabotolo, anatunga ndi chipande n'kumwa, kutunganso n'kumwa.

"Ngati ndi poizoni, tife tonse lero. Mundigoneke apo pafupi ndi mwana wopusayo."

Adokotala anavundukula mphika, kununkhiza.

"Mayi, palibe wakumangani pano. Ndiuzeni chimene mwaikamo, chilichonse."

"Tomato. Anyezi. Mchere."

"Ndi chiyani china?"

Amama anandiyang'ana ine, n'kutembenukira kwa nesi amene anali wa komweko ku Mzimba, ndi kumunong'oneza m'Chitumbuka. Nesi analuma mlomo.

"Akuti nkhanu, adokotala."

Zinatuluka zonse. Mlamu wawo ankabwera nazo m'kachitini pansi pa masamba, zogwidwa m'timitsinje ta kwawo. Amama ankaziwotcha, kuzisinja mu mtondo mpaka zisalale, kuziwiritsa, n'kusefa kuti pasaoneke ngakhale kachigoba. Kwawo chifuwa chokanika ankachiza choncho. Ana awo onse anakulira msuzi umenewu. Sanandiuze chifukwa ankadziwa kuti bambo wovala yunifolomu ya boma sangalole kumwa zinthu zimene abusa a ng'ombe amawotcha kudambo.

Adokotala anapempha supuni. Anatunga, kulawa, kutafunatafuna m'kamwa mopanda kanthu, azimayi onse ali pakhomo khosi tolotolo.

"Mchere wachepa pang'ono, mayi. Koma poizoni mulibe. Zoti umachiza chifuwa sindilonjeza, koma ine ndikhoza kumaliza mphika wonsewu n'kubwerera kuntchito." Kenako analoza ine ndi supuniyo. "Vuto lili apa. Thupi la bambo awa limadana ndi nkhanu. Anthu ena anabadwa choncho, ena zimawayamba atakula. Wophika alibe mlandu. Kope lija lili kuti?"

Linali m'thumba la malaya, poti sindinkalisiya. Anatsegula, kuwerenga, n'kundiyang'ana pamwamba pa magalasi.

"Munaona liti kuti ndi Lachiwiri ndi Lachisanu?"

"Mlungu watha."

"N'kukauza ndani?"

Kalaliki amene anaima pakona anayamba kuchita chidwi ndi denga.

"Ndipo nditakufunsani za mankhwala ena munati chiyani? Bambo, kope ili mwalemba bwino kuposa ana asukulu anga. Yankho munali nalo m'thumba. Lero mukanafa nalo m'thumba momwemo."

Anakhala pamphepete pa bedi n'kundiuza mmene ndidzakhalire moyo wanga wonse, ndipo analankhula mokweza dala kuti a pakhomo amve. Nkhanu ayi, yowotcha kaya yophika. Msuzi wake ayi, ngakhale atasefa kakhumi. Mphika, chipande kapena mtondo zimene zakhudza nkhanu zisakhudze chakudya changa zisanatsukidwe bwino ndi sopo. Ndikadzapita m'matauni, ndidzapewe tinkhanu topindika ta m'zitini ndi zina za zigoba zochokera kunyanja zamchere, chifukwa n'zapachibale. Usipa ndi nsomba zina, popeza ndakhala ndikudya osatupa, ndipitirize. Ndinafunsa ngati thupi silingazolowere ndikamalawa pang'onopang'ono.

"Mwalawa kale kasanu. Lazolowera? Ulendo wina likhoza kukwiya kuposa lero. Timapiritsi tija n'ta kuyabwa basi. Mukadzamva lilime likukula kapena pakhosi pakuthina, musadzafune kapiritsi, musadzafune buku. Mudzathamangire chipatala chimene chili pafupi, ndipo amene ali nanu adziwe chonena."

Analemba pa kakhadi kuti munthu uyu nkhanu zimamuwenga koopsa, kusaina, kudinda chidindo, n'kuti ndizikayenda nako kulikonse. Ndinakaika pamodzi ndi khadi ya chipani, poti imeneyo ndiyo munthu sankayerekeza kuiiwala kunyumba.

Chovuta pa malamulo onsewa chinali chimodzi: kufunsa. Ife tinaleredwa kuti mlendo safunsa za mu ndiwo. Umasamba m'manja, n'kudya chimene wapatsidwa, n'kuthokoza. Kuyambira chaka chimenecho ndakhala munthu wofunsa m'maukwati, m'maliro, ngakhale kwa apongozi, kuti pepani, muli chiyani umu? Ena amandiyang'ana ngati ndawatukwana. Ku Champhira mayi wina anandilanda mbale n'kupatsa galu, ati aone ngati galuyo afunsenso. Ndinazolowera kufotokoza, ndipo mkazi wanga atabwera anazolowera kundifotokozera ndisanatsegule pakamwa.

Ndinagona m'chipatala tsiku limodzi kuti aone ngati kutupa sikubwerera. Nditatuluka sindinalowe m'nyumba. Ndinapita pampopi, nthawi ya m'mawa imene mzere umafika kumsewu, n'kuima pamwala wochapira. Azimayi amene anali kuchipatala anali atafalitsa kale za adokotala olawa msuzi, koma ndinaona kuti nkhani imene inatuluka m'kope langa iyenera kutsekedwa ndi pakamwa panga. Ndinawerenga kakhadi kaja m'Chingerezi, n'kumasulira m'Chichewa, ndipo mtsikana wina wophunzitsa sukulu anamasuliranso m'Chitumbuka kuti pasakhale wonena kuti sanamve. Ndinati mayi aja anandiphikira chifukwa cha chifundo, ndipo amene anawalakwira ndine, amene ndinabisa kwa dokotala n'kukaulula kwa kalaliki. Wina kumbuyo anafunsa kuti kodi nkhanu yake inali yaikulu bwanji kuti igwetse bambo wonseyu. Anthu anaseka, ndipo ndinadziwa kuti nkhani yasamuka, yachoka pa amama yabwera pa ine. Kwa miyezi ingapo ndikamadutsa pamsika anyamata ogulitsa makala ankayenda cham'mbali, manja atatambasula.

Makasitomala a amama anabwerera, osati tsiku limodzi, koma anabwerera. Za kwa atcheya sizinamvekenso. Woyamba kukagogoda pakhomo pawo anali mkazi wa kalaliki, atanyamula kapu, ati mwana wake akutsokomola.

Koma ine amama sanandilankhule. Ndikapereka moni ankayankha ndi mutu. Ndinapepesa pakhomo pawo kawiri, iwo n'kumangosankha nyemba m'lichero ngati pakulankhula wailesi ya nyumba ina. Panatha mlungu wathunthu ndi masiku ena.

Lamulungu lina titaweruka kutchalitchi, ndili pakhonde kupukuta nsapato, ndinaona mthunzi. Anali iwo, atanyamula kamphika kadothi katsopano kokhala ndi nyemba zosakaniza ndi mphonda, ndi chipande chatsopano chimene anachisema mizere iwiri pachigwiriro kuti chisasokonezeke ndi zina. Anaziika pansi patsogolo panga.

"Yewo chomene, amama," ndinatero ndikuimirira, nsapato ili m'manja. "Ine ndimati mwina simudza..."

"Khalani pansi, mwana wane, ndilankhule ine. Mphika uwu ndi wanu nokha, nkhanu sinaupondepo. Muli nyemba, mphonda, mchere, madzi. Mwamva? Ndakuuzani musanafunse. Ndipo tsiku lina mukadzafuna kuonetsa anthu kuti ndine munthu wabwino, ndapota chomene, mudzangonena ndi pakamwa. Osabwera kudzafera pakhonde panga. Ine ndakolopa pamenepaja."